Kodi munthu angalote njira n'kuijambula pamapu?

Wopima_Malo
Moni nonse pagulu pano. Pali nkhani imene yandikhala pamtima sabata yonseyi. Ine ntchito yanga ndi yopima malo, ndipo ndayenda ndi GPS m'minda ya anthu kwa zaka 14. Kwa ine mapu ndi manambala: bikoni apa, bikoni apo, mtunda wakutiwakuti pakati pake. Tsono mwezi watha mlamu wanga anandibwereka buku la Hugh Brody lotchedwa Maps and Dreams, la mu 1981, lonena za anthu a mtundu wa Dane-zaa a kumpoto chakum'mawa kwa British Columbia, ku Canada.

Mu 1979 kunabwera akuluakulu a boma kudzamva maganizo a anthuwa pa za paipi ya gasi yochokera ku Alaska yomwe inkafuna kudutsa m'dziko lawo. Msonkhano uli pafupi kutha, banja lina linalowa ndi phukusi la chikopa n'kulimasula. Munali mapu aakulu kudzaza tebulo, okhala ndi timizere tambirimbiri tamitundumitundu. Eni ake anati mapuwo anachokera m'maloto: njira yopita kumwamba ndi iyi, yosocheretsa ndi iyi, nyama zili uku. Ngodya imodzi inali yodulidwa. Anaiika m'manda pamodzi ndi munthu wina amene ankamudera nkhawa kuti payekha sakaipeza njira. Alendo aja anayang'ana mwaulemu, kenaka n'kunyamuka ulendo wakwawo.

Ndiye ndikufunseni anzanga: chimenechi tingachitche mapu? Mutu wanga ukukana, koma ngodya yodulidwayo ikundibwererabe m'maganizo.

Kamtedza
Mapu osakufikitsa pachitsime si mapu, achimwene. Chimenecho ndi chithunzi cha chikhulupiriro chawo. Tichilemekeze, koma tisachipatse dzina lomwe si lake.

NaPhiri_ku_Edmonton
A Kamtedza, dikirani kaye. Ine ndimakhala chigawo choyandikana nacho, ku Alberta, ndipo ku Fort St. John, tauni ya m'dera la a Dane-zaa, ndinafikako. Ndi dziko la nkhalango zowirira, madambo ndi mitsinje, lozizira mwakuti munthu ukasochera usiku umodzi nthawi ya chisanu, basi kwako kwatha. Anthu sangakhale m'dziko lotero mibadwomibadwo ngati njira sakuzidziwa.

Chomwe tiyenera kumvetsa n'chakuti kwa a Dane-zaa maloto ndi njira n'zosalekanitsika. Mlenje ankagona mutu utaloza kotulukira dzuwa. Kutulo ankayenda m'nkhalango yomweyo imene amayendamo masana, mpaka mkwaso wake utakumana ndi mkwaso wa nyama, makamaka nyama yaikulu ija yotchedwa moose, yomwe msinkhu wake tingauyerekeze ndi wa ntchefu. Kukacha ankapita kukamaliza zomwe zinayamba kutulo. M'buku mwatchulalo muli nkhani ya mlenje amene kutulo anaika zizindikiro pa ziboda za nyama kuti akaizindikire akaipeza.

Tsono taganizani: ndani amalota maloto otere? Ndi munthu amene wayenda m'tchire limenelo kuyambira ali mwana, wodziwa komwe nyama zimanyambita mchere, komwe zimabisala mphepo ikasintha, komwe zimaberekera. Ine kapena inu titakagona pomwepo sitingalote mkwaso wa moose. Malotowo amaima pa mapazi a munthuyo.

Kamtedza
Ndiye mwavomereza nokha, achemwali. Chomwe chikugwira ntchito ndi mapaziwo. Malotowo ndi ndiwo chabe, nsima ndi kuyenda.

NaPhiri_ku_Edmonton
Ayi, sindinatero. Mlenje amadzuka m'mawa pali njira khumi zomwe angatsate, mimba za ana zili pululu. Zonse zomwe waona, mapazi akale, nthambi zothyoka, kasinthidwe ka mphepo, zimasonkhana kutulo n'kumupatsa njira imodzi. Inu mukuti ndi ubongo ukusanja zinthu, iwo akuti nyamayo yadzipereka yokha kwa iye. Koma musanene kuti malotowo alibe ntchito.

Mphunzitsi_Wakale
Ndiloleni ndiikepo mawu monga munthu amene anaphunzitsa Geography ku sekondale zaka zambiri. Timaphunzitsa ana kuti mapu abwino akhale ndi mutu, muvi woloza kumpoto, sikelo ndi kiyi. Zimenezo n'zoona pa mayeso. Koma mapu aliwonse amasankha choti aonetse, n'kusiya zina. Mapu a msewu saonetsa komwe kuli bowa. Mapu a mgodi saonetsa manda. Mapu omwe alendo aja anabwera nawo ku msonkhano ankaonetsa komwe paipi idutse, ndipo malo onse ozungulira anali oyera ngati kuti kulibe munthu. Pa mapu awiriwo, ndi ati omwe ankanama kwambiri za dzikolo?

Komanso tisaiwale kuti alenje omwewo anajambula mapu amtundu wathu uwu. Brody ndi anzake anayala mapu aboma pamaso pa mlenje aliyense, iye n'kumazunguliza ndi cholembera komwe anasakako, komwe anatcherako misampha, komwe anathyolako zipatso ndi komwe anagonako moyo wake wonse. Atasanjikiza mapepala onsewo, malo aja ankaoneka opanda kanthu anadzaza mizere. Njira imeneyi inagwiritsidwa ntchito kale ndi a Inuit, anthu a kumpoto kwenikweni kwa Canada, pa kafukufuku wamkulu wa malo awo amene anatuluka mu 1976, ndipo anathandiza pa zokambirana zomwe zinabala chigawo chawo cha Nunavut mu 1999. Choncho anthuwa sankalephera kuwerenga mapu a boma. Anatulutsa achikopa aja pofuna kunena chinthu china chomwe mapu aboma analibe pochilemba.

Mtumiki_Wamng'ono
Abale, ine ndikuona kuti tikuyenda m'mphepete mwa phompho. Njira yopita kumwamba ndi imodzi ndipo sijambulidwa pachikopa. Zodula mapu n'kuika m'manda n'zosiyana bwanji ndi zithumwa?

Mai_a_Tadala
Abusa, werenganinso Mateyu mutu 2. Anzeru a kum'mawa anachenjezedwa m'maloto kuti asadzerenso kwa Herode, ndipo anabwerera kwawo podzera njira ina. Yosefe anauzidwa m'maloto kuti athawire ku Ejipito, kenaka m'maloto momwemo anauzidwa zobwerera. Ulendo wonsewo unayendetsedwa ndi maloto.

Mtumiki_Wamng'ono
Amayi, amenewo anali maloto ochokera kwa Mulungu. Si maloto onse.

NaPhiri_ku_Edmonton
Abusa, sindikufuna kukutsutsani pa chikhulupiriro, koma mudziwe izi. A Dane-zaa anali ndi anthu apadera otchedwa Olota, omwe m'Chingerezi ankawatchanso aneneri. Kumeneko kuli ngakhale mtsinje wotchedwa Prophet River. Olotawa ankaphunzitsa anthu kusiya ndewu, kusiya bodza ndi kugawana nyama, ponena kuti zoipa zimalemetsa munthu n'kumulepheretsa kuyenda njira ija akamwalira. Ena mwa mawu awo anasakanikirana ndi zomwe anamva kwa ansembe achikatolika omwe anafika kumeneko. Mlota wotsiriza wodziwika bwino anali Charlie Yahey, amene anamwalira mu 1976. Katswiri wina, Robin Ridington, anajambula mawu ndi nyimbo zake pa tepi m'zaka za m'ma 1960, ndipo zidzukulu zikuzimvabe.

Chomwe chinandigwira mtima ine ndi nyimbozo. Mlota ankabwera nazo kuchokera kutulo, ndipo nyimbo iliyonse ankaiona ngati njira, yokhala ndi mokhota ndi mokwera mwake. Anthu akamavina mozungulira moto, motsata mmene dzuwa limayendera, amakhala akupondaponda njirayo kuti mapazi aizolowere. Ng'oma zina za Olota zinali ndi zojambula za njira yomweyo pachikopa chake. Ndiye mapu aja a patebulo anali chidutswa chimodzi chabe cha chinthu chomwe chimaimbidwa, kuvinidwa ndi kuyendedwa.

Chiphaliwali
Zofanana ndi za ku Australia zija za Dreamtime eti? Aaborijini amalota dziko lawo lonse.

Malume_ku_Perth
Pamenepo ndiye ndilowererepo, mphwanga, chifukwa anthu ambiri amasokoneza. Liwu limenelo linatchuka kudzera mwa Spencer ndi Gillen, omwe analemba za anthu a Arrernte cha m'ma 1890, pomasulira liwu la chinenero cha eni ake. Eni dziko ambiri kuno salikonda kwenikweni, chifukwa limamveka ngati nkhani zakutulo kapena nthano zomwe zinatha kalekale. A Warlpiri amati Jukurrpa, ena kuchipululu amati Tjukurpa. Tanthauzo lake ndi chilamulo cha dziko: maulendo a makolo oyamba omwe poyenda anasiya mapiri, zitsime ndi mitsinje, ndipo akadali momwemo mpaka lero. Nyimbo ya kholo lililonse imatchula malo motsatana, chitsime ichi, kenaka chulu cha mchenga icho, kenaka thanthwe ilo. Woidziwa nyimboyo amadziwa komwe kuli madzi ndiponso mwini wa malo aliwonse. Ena amalandiradi nyimbo kapena zojambula zatsopano kutulo, koma akulu amayamba azimva kaye n'kuona ngati zikugwirizana ndi zomwe zilipo kale.

A Kamtedza anati mapu osakufikitsa pachitsime si mapu. Chabwino, nayi nkhani ya zitsime. Mu 1997 anthu a ku Great Sandy Desert, a zinenero za Walmajarri, Wangkajunga, Mangala ndi Juwaliny, ankafuna kutsimikizira boma kuti chipululucho n'chawo. Ambiri anali okalamba, Chingerezi cha kukhoti sankachidziwa. Anasonkhana pamalo otchedwa Pirnini, anthu oposa 40, n'kujambula chinsalu chimodzi cha mamita 8 mulifupi ndi 10 mulitali, chotchedwa Ngurrara. Aliyense anajambula dera lake lokha, makamaka zitsime zosaphwa zomwe amazitcha jila. Akuluakulu omva nkhaniyo atafika, mboni iliyonse inkaima pa chigawo chake cha chinsalucho n'kumaloza pansi: ndinabadwira apa, bambo anga anafera apa, madzi awa ndi athu. Mu 2007 khoti linavomereza umwini wawo pa malo oposa masikweya kilomita 70,000. Malo amenewo akuposa theka la Malawi.

Kamtedza
Imeneyo ndiye ndaimva, malume. Koma onani bwino: khoti linavomera chifukwa zitsimezo zilipodi, munthu akhoza kupita n'kukamwa. Za kumwamba zija palibe anabwerako kudzatiuza kuti mapu analondola.

Mai_a_Tadala
Ine mukamakamba izi ndikukumbuka agogo anga aakazi, mayi awo a mayi anga, ku Ntchisi. Ankadziwa mankhwala a ana. Tsiku lina, ndili ndi zaka ngati 10, anandidzutsa kusanache kuti ndiwaperekeze. Anati alota amayi awo akuwalozera mtengo kuseri kwa phiri, pafupi ndi mwala wong'ambika pakati. Tinayenda mame akutinyowetsa mpaka m'chiuno, iwo patsogolo ndi kakhasu kawo paphewa, osafunsa njira kwa munthu. Titafika, mwala uja unalipodi, mtengo uli pambali pake. Anagwada, anaomba m'manja katatu, anakumba muzu umodzi wokha wa mbali ya kum'mawa, n'kukwiriranso dothi bwinobwino. Nditakula ndinamva kuti ali kamtsikana ankatola nkhuni kudera lomwelo ndi amayi awowo. Kaya malotowo anawakumbutsa zomwe anaona kale, kaya amayi awo anabweradi, ine ndinaona ndi maso anga kuti tinapita molunjika ngati tikutsata mzere.

Msodzi_wa_ku_Msaka
Zoona amayi. Ifenso panyanja tili ndi mapu athu osalemba. Pansi pamadzi pali virundu, miyala yomwe utaka umasonkhanapo. Pamwamba palibe chizindikiro, madzi okhaokha. Koma siginala, wotsogolera asodzi, wodziwa ntchito amayang'ana kumtunda: nsonga ya phiri ili ikalunjikana ndi mtengo wa mlambe uwo, ndipo chilumba icho chikabisa mudzi uja, ndiye kuti tafika, ponyani chilimira. Bambo anga ankadziwa virundu zoposa makumi awiri ndi maina ake.

Chiphaliwali
Nanga poti mwatchula nyanja, mapu ena aja amaika malire pakati pa nyanja kumpoto kuja bwanji? Mbali yonse ija ndi yathu.

Mphunzitsi_Wakale
Malawi imaima pa pangano la Britain ndi Germany la mu 1890, lomwe linaika malire m'mphepete mwa gombe la kum'mawa. Tanzania imati malire adutse pakati pamadzi. Onani kuti omwe anasaina panganolo anali ku Ulaya, ndipo palibe msodzi ngakhale mmodzi amene anafunsidwa.

Chiphaliwali
Ndiye tizingowasiya azijambula zofuna zawo?

Wopima_Malo
Abale, ya nyanja ija ili ndi tsiku lake, ikayamba sititha lero. Tibwerere ku maloto.

Nachisale
Ine ndibwerera, koma ndi mtima wowawa. Mukukometsa maloto chifukwa sanakulandeni kanthu. Amayi anga atamwalira, patangotha miyezi itatu, malume athu ena anadzuka n'kunena kuti alota agogo akuwauza kuti dimba la kudambo ndi lawo. Dimba lomwe amayi analima zaka 30, lomwe linatilipirira sukulu ndi tomato ndi mpiru. Kubwalo anthu anachita mantha, palibe anafuna kutsutsana ndi akufa. Ife ana aakazi, eni ake enieni monga mwa mwambo wathu, tinangotsala manja ali m'khosi. Lero dimbalo anagulitsa. Ndiye wina akandiuza kuti maloto akhale umboni wa malo, ine thupi limachita tsembwe. Maloto alibe mboni. Munthu amalota yekha.

Kamtedza
Ndi zimene ndikunena ine. Pepani kwambiri achemwali.

Malume_ku_Perth
Pepani mwana wanga, zimenezo n'zakuba, ndipo akufa anangowanamizira. Koma taonani kusiyana kwake. Pa chinsalu cha Ngurrara palibe ankaloledwa kujambula chitsime cha mwini wake. Anthu 40 aja ankayang'anana, wina akalumpha malire anzake ankamubweza pomwepo. Malume anuwo analota okha, m'mawa n'kupindula okha. Kukanakhala akulu olimba mtima akanawafunsa kuti: nanga agogowo bwanji sanalotetse wina aliyense? Nanga zaka 30 zonsezi anali kuti?

NaPhiri_ku_Edmonton
Ndi momwemonso kwa a Dane-zaa. Mlenje wonama ankaonekera msanga, chifukwa ankabwera chimanjamanja. Ndipo munthu sankangodzuka n'kudzitcha Mlota, anthu ndiwo ankamuvomereza ataona moyo wake ndi zomwe mawu ake abala.

Koma a Nachisale, kumenekonso kuli nkhani yolandidwa malo, ndipo owalanda anagwiritsa ntchito mapepala, osati maloto. Anthuwa analowa m'pangano lotchedwa Treaty 8 ku Fort St. John mu 1900, atalonjezedwa kuti apitiriza kusaka ndi kuwedza monga kale. Anali ndi malo ku Montney komwe ankasonkhana chilimwe chilichonse kudzaimba ndi kuvina, dzina lake m'chinenero chawo limatanthauza komwe kumakhala chimwemwe. Mu 1942 msewu wa Alaska Highway unang'amba dziko lawo. Mu 1945 malo a ku Montney aja anachoka m'manja mwawo, boma n'kuwagawira asilikali obwera kunkhondo. Pambuyo pake pansi pake panapezeka mafuta. Anakasuma, khoti lalikulu la Canada linawakomera mu 1995, ndipo mu 1998 analipidwa madola 147 miliyoni. Ndalama zinabwera, koma bwalo lovinira lija linali litasanduka minda ya eni.

Kenaka mu 2021 a Blueberry River, gulu limodzi la anthuwa, anapambananso mlandu wina, khoti litapeza kuti zitsime za gasi, misewu, mapaipi ndi kudula mitengo, zonse pamodzi, zaphwanya lonjezo la pangano lija chifukwa malo osakako atha. Mlanduwo umadziwika ndi dzina lakuti Yahey, banja lomwelo la Mlota uja.

Mphunzitsi_Wakale
Ndiwonjezere za makhoti. Ku British Columbia komweko, pa mlandu wa Delgamuukw, mitundu ina ya eni dziko, a Gitxsan ndi a Wet'suwet'en, anabweretsa mbiri zapakamwa ndi nyimbo za mabanja awo ngati umboni wa malire. Woweruza woyamba mu 1991 sanazipatse kulemera. Mu 1997 khoti lalikulu linati analakwitsa, mbiri yapakamwa iyenera kulandiridwa mofanana ndi zolembedwa. Sanati maloto a munthu mmodzi ndi umboni, a Nachisale. Anati zomwe mtundu wasunga ndi kubwereza poyera, pamaso pa mboni, kwa mibadwo yambiri, n'zoyenera kumvedwa.

Mlenje_wa_Dzalanyama
Ndakhala ndikungowerenga. Malume a ku Perth atanena za makolo omwe anasiya zizindikiro poyenda, ine ndinaganiza za Kaphirintiwa kwathu kuno, komwe akulu amati anthu oyamba ndi nyama anatsikira thanthwe likadali lofewa, mapazi awo n'kudindika pamwala. Ndi Msinja, kwa Makewana, komwe ankapempha mvula. Pa mapu a nkhalango omwe ndinaonapo pali mizere ya misewu ndi malire a chitetezo. Mwana wa lero atatenga mapu amenewo akhoza kudutsa pamalopo osadziwa kuti wapondapo pati.

Mtumiki_Wamng'ono
Pa za kusunga mbiri ya malo ndilibe nazo vuto. Pomwe ndaima ndi pa za njira ya kumwamba paja, ndipo sindisuntha.

Wopima_Malo
Zikomo nonse. A Nachisale, nkhani yanu yandipweteka, chifukwa milandu yotero ndimaiona, ndipo nthawi zina bikoni yomwe ndakhoma ine ndi imene imateteza mwana wamasiye. Pa chifukwa chimenecho sindingasiye manambala anga.

Koma pali china chomwe chinandichitikira chaka chatha. Tinkapima malo a banja lina m'mudzi wina. Gogo wina wachikazi, wogwira ndodo, anaumirira kuti ayende nafe malire onse. Sankaloza ngodya monga timafunira ife. Ankaima n'kunena kuti: pa mpoza uwu ndi pomwe apongozi anga ankapumira pochokera kudimba. Pachulu apo tinaika mwana wanga woyamba, sanafike pokhala ndi dzina. Pamtsinje apa musakhome chitsulo chanu, amuna anga amabwera kutulo n'kumandipeza pomwepa. Ine ndinkangodina batani, makina n'kumalemba manambala. Pa fomu yanga panali malo a dzina, kukula kwa munda ndi oyandikana nawo. Zonse ananena gogoyo zinatsala m'tchire momwemo. Tsiku limenelo ndinali ngati alendo aja a mu 1979.

Kamtedza
Komabe bikoniyo munakhoma?

Wopima_Malo
Ndinakhoma, koma ndinaisuntha pang'ono kuchoka pamtsinje paja, eni munda wa tsidya linalo atavomera. Malire sanasinthe, tinangoika chizindikiro pamalo ena a mzere womwewo.

Msodzi_wa_ku_Msaka
Achimwene, ngati gogoyo akadali moyo, bwererani ndi pepala lina lopanda mizere, mutenge ndi mdzukulu wake mmodzi azilemba. Bambo anga anamwalira ndisanawafunse zonse. Pa virundu zawo zija ine ndikudziwa zisanu ndi ziwiri zokha, zina timangodutsa pamwamba pake ndi bwato.